Mitengo ya Mkamwini

"Madzi anga ali kuti?"

Anali mawu a Dorica amenewo, dzuwa lisanakwere n'komwe, ndipo ndowa inalira khoo! pansi. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikusesa pakhomo panga. Musandiyang'ane choncho, sindinapite dala kukamvetsera. Mpanda wa bango ulibe chinsinsi, ndipo Dorica akapsa mtima mawu ake amakafika kumjigo.

"Ndathirira m'bawa, mayi a Madalo," anayankha a Mapopa, amuna ake, ndi kufatsa kwawo kuja kopsetsa mtima. "Ndi ndowa imodzi yokha."

"Imodzi yokha! Munaisenzapo inu imodziyo? Ndadzuka nkhuku zisanatsike, ndakaima pamzere, khosi langa lauma gwa, kuti inu mumwetse mtengo? Mwana asamba chiyani popita kusukulu? Masamba?"

"Masau ndi bwemba sindithiriranso, zinagwira kale. Koma m'bawa ukakhala waung'ono supirira ludzu. Ukangophonya mu Okutobala muno, basi."

"Ndiye muukwatire m'bawa wanuwo! Uzikuphikirani, uzikuchapirani."

A Mapopa ndi aphunzitsi a kupulayimale, kwawo ndi ku Rumphi. Boma linawatumiza kuno ku Salima, mbali yathu ino ya ku Lifuwu, ndipo atakwatira Dorica anachoka m'nyumba ya sukulu n'kudzamanga pamalo a malemu apongozi awo, monga amachitira mkamwini aliyense. Kwathu kuno malo ndi a akazi. Anapeza pakhomo pali mbee, mchenga wokhawokha, pakuti mitengo tinaimaliza kale ife eni ake, ina makala, ina uvuni wa njerwa, ina kuwambira nsomba.

Ndiye munthu uja anayamba kudzala. Osati mango kapena bulugama monga anthu, ayi, koma mitengo ya kutchire. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu wophunzira n'kumakumbira dzenje masau? Iwo osatekeseka. Kumpanda anadzala nthudza kuti minga yake izibweza mbuzi. Kuseri kwa khitchini mpoza. Pakati pa bwalo mthethe, chifukwa suchedwa kukula, ndipo pambali pake bwemba amene amakula ngati akukakamizidwa. Dzenje lililonse ankasakaniza dothi la pachulu ndi manyowa, n'kuwaza phulusa kuopa chiswe. Masuku a kwawo anayesako, koma anapsa ndi dzuwa la kuno, ndipo anavomereza okha kuti mtengo uliwonse uli ndi kwawo. Pofika chaka chomwe Madalo ankayamba sukulu, amene tinkaseka aja ndife tinkapempha mthunzi pakhomopo. M'bawa ndiwo unali chitsiriza, anaudzala mvula yapitayi kuseri kwa bafa.

Moyang'anana ndi nyumba imeneyi muli Dailes, mkulu wake wa Dorica, bere limodzi. Amuna ake, a Lodwick, amawotcha makala, ndipo pakhomo pawo mtengo ukafika m'chiuno umakhala wakhwima kale. Masana Dailes ankakhala pakhonde thukuta lili kamukamu, maso ali kwa mng'ono wake amene wayala mphasa pansi pa mthethe. Maso amenewo ine ndinkawaona. Si maso oti m'bale aziyang'anira mnzake.

Loweruka limenelo a Mapopa anapalasa njinga kupita kunkhalango ya Kuti, kumene mitengo yachilengedwe ikadalipo, kukapempha kutolako njere. Anabwera ndi za msangu, za mthethe ndi za mlambe, komanso mtolo wa machubu akuda odzalamo, omwe amawatenga ku ofesi ya a Lindiwe, alangizi a zankhalango. A Lindiwe amenewa Dorica anangowaonapo kamodzi, atakwera njinga yamoto, atavala thalauzi, akuseka ndi amuna ake za mizu. Kamodzi komweko kanakwanira.

Njere anazithira m'beseni la pulasitiki pakhonde. Njere zimenezi ndi zouma mutu, khungu lake ngati mwala. Msangu kutchire umamera ukadutsa kaye m'mimba mwa mbuzi. Ndiye aphunzitsi ankazikhula imodziimodzi pamwala kuti madzi apeze polowera, ntchito yotha mlungu wonse. Lolemba iwo anapita kusukulu, Dorica kumpunga kusikimu, pakhomo n'kutsala nkhuku zokha.

M'mawa mwake ndinamva aphunzitsi akuseka, chinthu chosowa.

"Mayi a Madalo, mwandichitira zazikulu. Kodi munaphunzira kuti?"

"Kuphunzira chiyani?"

"Kunyika njere m'madzi otentha. Dzulo ndinapeza beseni ladzaza, ndinangoti ndione kaye. Taonani m'mene zafufumira! Madzi ozizira sangachite zimenezi, ndipo beseni lachita kupindika m'mbali. A Lindiwe amanena kuti njira yachidule ndi imeneyi, koma ine ndimaopa kuziphika. Inu mwayeza bwinobwino."

Ine tsache ndinaliimitsa.

"A Lindiwe amanena," anatero Dorica pang'onopang'ono.

"Eya, amati madzi akawira uwaphule, apume pang'ono, kenaka..."

"Bambo a Madalo, ine beseni lanu sindinalikhudze. Ndachoka pano mbandakucha, ndabwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Ndiye tandiuzani. Mkazi wodziwa kunyika njere zanu, amene amalowa pakhomo panga ine ndili kumpunga, n'kukoleza moto, n'kuyeza madzi bwinobwino, ndi ndani?"

"Yayi, mayi a Madalo! Ine ndimayesa ndinu."

"Mumayesa ndine? Kapena mwaiwala amene mumafuna kumuthokoza?"

"A Lindiwe sali kuno n'komwe. Ali kwawo kutchuthi cha uchembere. Machubu anandipatsa ndi mlonda."

"Mpaka za uchembere wawo mukuzidziwa! Mwana wake wafanana ndi ndani?"

Abale inu, nsanje ilibe makutu. Munthu uja analumbira, anatchula Mulungu m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, koma zonse zinangogwera mumchenga.

Madzulo ake Dorica anapita kukadandaula kwa mkulu wake. Ine ndinali komweko, tikusenda mtedza pakhonde. Atafotokoza za beseni, Dailes anachita ngati watsamwa.

"Zafufuma?" anafunsa. "Sizinapse?"

"Kupsa chiyani, achemwali? Akuti zafufuma bwino kuposa kale. Akuti woyeza madziyo ndi katswiri."

Dailes anayang'ana m'lichero kanthawi. Ine funso lake lija linandidabwitsa, koma ndinaliponya kumbuyo. Kenaka anadzutsa mutu, nkhope yasintha, yadzaza chisoni chochita kupanga.

"Mng'ono wanga, sindimafuna kukuuza. Dzulo masana ndinamva njinga yamoto."

"Ayi!"

"Sindinaone munthu, ndisaname. Koma makutu ndili nawo. Iwe umayesa makolo ankanama ponena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka? Ndipo taganiza. Unaonapo kuti mkamwini akudzala mitengo? Mkamwini amalima chimanga, chodya chaka chomwecho. Mtengo ndi chikhomo. Wodzala mtengo akunena kuti pano ndi panga. Kwawo kumpoto malo ndi a amuna, ndiye akubweretsa za kwawozo kuno. Tsiku lina udzadzuka, adzati malo ano ndinawakonza ndine, n'kulowetsa wa thalauzi uja. Iwe madzi unatunga, wina adzakhale pamthunzi."

"Dailes," ndinatero ine, "tsiku limenelo ndinali pakhomo, njinga yamoto sindinaimve."

"Inu amake Ufulu mumamva zokhazo zimene mukufuna. Nkhani za pabanja pathu zisiyeni."

Mtedza wanga ndinanyamula n'kuchokapo. Koma mtima unandiwawa, pakuti ndinaona kuti chimene chikuphikidwa apa si njere ayi, ndi banja la mwana uja. Mwamuna amene anasiya kwawo n'kuika mtima wake wonse pamchenga wa eni, akafuna kumuzula ndiye ayambira kumitengo yake.

Kuyambira tsiku limenelo Dorica ananenetsa kuti madzi a pamutu pake sadzakhudzanso muzu wa mtengo. Ndowa ankazilowetsa kuchipinda. Ngakhale madzi osamba, amene kale ankayenderera okha kupita ku m'bawa, anayamba kusambira m'bafa yachitsulo n'kukawataya kumsewu. A Mapopa anayesa kupita okha kumjigo. Amayi anawaseka, ndipo a komiti anawauza kuti miyezi ino mjigo ndi wa anthu, osati wa tchire. Anayamba kupalasa njinga kupita kudambo akaweruka, zigubu ziwiri kumbuyo, malaya a kusukulu ali chonyowa ndi thukuta. Madzi amenewo sankakwanira. Anayenera kusankha pakati pa machubu, m'mene anali atafesamo njere zija, ndi m'bawa umene umamwa ngati ng'ombe.

"Mayi a Madalo," ndinawamva tsiku lina akudandaulira, "ngakhale otsukira mbale okha. Taonani nsonga yagwa."

"Kauzeni wonyika njere adzathirire."

"Mtengo uwu ndi wa Madalo. Ndinati akadzakula adzachekepo zitseko za nyumba yake."

"Musamutchule mwana wanga pa zonyansa zanu."

M'bawa unayamba kuyoyola masamba, kenaka khungwa linakwinyika. Sabata yachiwiri isanathe unali ndodo. A Mapopa anaukanda ndi chikhadabo kufuna kuona ngati mkati mudakali mwamuwisi, anapeza mwauma. Anaima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo, ngati munthu wa pamanda. Dorica ankawaona pazenera ndipo sanatuluke.

Koma njere zija, ha! Zinamera ngati mpunga wa panazale. Chubu chilichonse kamutu kobiriwira, msangu, mthethe, ngakhale mlambe umene umatha miyezi uli phee m'dothi. Tsiku lina m'mawa ndinaona Dailes ataima pampata wa nthudza, akuyang'ana mizere ya machubu ija, dzanja lili kukamwa. Sanali kuyang'ana mwa nsanje tsopano. Anali ndi mantha enieni, ndipo anabwerera chafutambuyo mpaka kwawo.

Mphekesera zinayamba tsiku lomwelo. Akuti aphunzitsi ali ndi zitsamba za kwawo. Akuti mitengo ija imayamwa chonde cha m'minda ya anthu. Mbuzi ya Dailes itafa ndi pulasitiki m'mimba, akuti inadya masamba a mpoza uja. Ana ake anawaletsa kutola masau pakhomopo, iwo amene ankagona pansi pa mtengo umenewo. Kenaka Dailes anatumiza uthenga ku boma kwa a Chrispin, mlongo wawo wamkulu, mwini mbumba, amene amakonza njinga pafupi ndi depoti.

A Chrispin anafika Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi. Ine anandiitana ngati mboni, poti ndine woyandikana nawo. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo chimene chinandiseketsa mumtima n'chakuti aliyense anakokera mpando wake pansi pa mthethe womwe anabwera kudzauzenga mlandu. Dailes ndiye anakhala pa tsinde penipeni. A Lodwick anakhala chapatali, nkhwangwa yawo itatsamira mpanda, akuti anali pa ulendo wa kutchire. Lamulungu!

Dorica anayamba, anafotokoza za beseni ndi za njinga yamoto, misozi ili mbwembwembwe. A Mapopa anabwereza zomwe ananena kale, kuti mayi aja ali kwawo ndi khanda, ndipo aliyense akhoza kukafunsa.

"Zimenezo n'zoona," anatero a Chrispin. "Njinga yawo ili kwa mnzanga wokonza njinga zamoto, yatha mwezi ili pomwepo yopanda tayala. Ndiye iwe Dailes, njinga unaimvayo inali iti?"

"Njinga ndi zambiri, achimwene. Koma nkhani yaikulu si imeneyo. Nkhani ndi mitengoyi. Si yabwinobwino. Munthu uyu ali ndi mankhwala, ndipo tikamusekerera atimaliza."

"Mawu amenewo ndi olemera, mlongo wanga. Masiku ano ukamunena munthu za ufiti popanda umboni, umakagona kupolisi."

"Umboni ulipo."

"Uli kuti? Alamu athu amathirira, amaika manyowa, amatchinga mbuzi. Tonse timaona. Mtengo ukamera pamenepo chodabwitsa n'chiyani?"

"Ndiye mukundiyesa wamisala?" Dailes anaimirira, chitenje chikumasuka. "Mukundiyesa wabodza pamaso pa mlendo? Tandiuzani inu, nyemba yophika inamerapo? Chimanga chophika chinamerapo? Njere zimene zija ndinazithira ndekha madzi owira! Ndinaphula pamoto panga, ndinawoloka nawo bwalo lonseli, ndinakhuthulira m'beseni mpaka nthunzi kuti tolo! Ndinati zipse, zithe, tipume. Lero taonani uko! Zamera zonse! Ngati si ufiti ndi chiyani?"

Dailes anatiyang'ana mmodzimmodzi, akudikira kuti tivomereze. Kenaka mawu ake omwe anamufika m'makutu, ndipo anakhala pansi mwakachetechete.

"Munali inu, achemwali?" Mawu a Dorica anatuluka ang'onoang'ono. "Ndinabwera kwa inu ndikulira. Munandiyang'ana m'maso, n'kundiuza za njinga yamoto."

"Alamu," anatero a Mapopa, osakweza mawu, "madzi anapuma m'njira pamene mumawoloka bwalo. Khungu la njere linangofewa. Palibe mankhwala ena."

Ndinayesa Dailes agwada apepese. Kumeneko ayi. Nsanje ikavulidwa siithawa, imaluma.

"Eya, ndinali ine! Ndiye mundipha? Iwe Dorica unabadwa ndi chiyani chimene ine ndilibe? Mwamuna wa pa malipiro ndiwe. Mthunzi ndiwe. Alendo a mpingo akabwera amafikira kwa iwe, kwanga amangodutsa ngati pali maliro a khate. Mwana wamkazi ndiwe! Ine anga onse ndi amuna, adzapita kukakhala akamwini kwa eni, ine n'kutsala ndekha pamchenga. Madalo wako adzakhala pano, ndipo mitengo imeneyi ikamakula ikumulembera malire. Chaka chino mpanda wa nthudza, chaka chamawa msangu m'munda wa amayi. Malo a amayi anga atha ndikuona, chifukwa cha munthu wobwera!"

Analira Dailes, kulira kwenikweni, ndipo ndisaname, kanthawi kena ndinamumvera chisoni. Koma chisoni changa chinatha a Chrispin atatsegula pakamwa.

Anayamba ndi kutsokomola, n'kumayang'ana pansi. Anati Dailes walakwa, inde, koma chibale ndi fupa, sichiola. Anati iwo ngati mwini mbumba sangalole kuti alongo awo adane chifukwa cha tchire. Anati tikafufuza bwino, gwero la zonsezi ndi limodzi.

"Alamu, musandimve molakwa, ndinu munthu wabwino. Koma mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini sadzala mtengo. Mukanafunsa kaye. Safunsa anadya phula. Ndiye kuti pakhale mtendere, mitengo imene munadzala ichoke, mbande zija mukapereke kusukulu. A Lodwick ali pano atithandiza."

Wothira madzi owira ndi uyu, wonama ndi uyu, wofuna kupasula banja ndi uyu, koma chilango chikugwera amene anabweretsa mthunzi! Ndipo a Lodwick anali ataimirira kale, akulavulira m'manja. Makala a mthethe amayaka bwino, anali atawerengera kale matumba.

"Zaka zonsezi," anatero a Mapopa, "ndakhala ndikukumba manda a pamudzi pano, ndafolera nyumba ya apongozi, ndaphunzitsa ana anu. Ndimayesa ndine wa pano."

"Ndinu wa pano, alamu. Koma malo si anu."

"Ndamva."

Anangotero basi. Anapinda manja, n'kuyang'ana kumbali.

A Lodwick atafika pa tsinde la mthethe anapeza Dorica waima kale pamenepo, msana wake utagunda mtengo.

"Alamu, ikani nkhwangwa pansi."

"Iwe Dorica, mlandu watha," anatero a Chrispin.

"Sunathe, achimwene. Mwati mkamwini sadzala mtengo. Chabwino. Nanga mwana wamkazi wa pano, amadzala kapena sadzala?"

"Iwe ndi mwini malo, ungadzale. Koma iyi sunadzale ndiwe."

"Kudzala n'chiyani? Kuponya kanthu m'dzenje? Zimenezo ngakhale mbuzi imachita. Funsani amake Ufulu apa, amene amamva zonse za pakhomo pano. Madzi amene anakulitsa mitengo iyi anabwera pamutu pa ndani?"

"Pamutu pa Dorica," ndinayankha mokweza, mwina mopitiriza. "Chilimwe chilichonse. Ndipo ndowa iliyonse inkabwera ndi mkangano wake, ndinkaumva ndine."

"Mwamva. Khosi ili lauma chifukwa cha mthethe uwu. Bwemba uyo ndinamusenzera madzi ndili ndi pakati pa Madalo. Umboni wina ndi uwo kuseri kwa bafa. Nditangoleka kutunga ine, m'bawa unauma, aphunzitsi ali pompano. Ndiye mwini mitengo ndi ndani? Ndi yanga, ndi ya mwana wanga. Amene akufuna kudula ayambe wadula khosi linasenza madzili."

A Chrispin anakanda m'mutu. A Lodwick anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana pansi. Pomaliza mwini mbumba anati ngati mwini malo wanena kuti mitengo ndi yake, iwo alibenso mawu, koma alamu asadzalenso china chilichonse ndi manja awo. Anatsanzika msangamsanga, akuti minibasi zimavuta Lamulungu. Nkhwangwa inabwerera kwawo yosadya kanthu.

Ine ndinapita kunyumba ndikuvina mumtima. Ndinati zatha bwino. Kalanga ine, ndinafulumira.

M'mawa mwake Dorica anadzuka nkhuku zisanatsike, anatunga madzi, n'kuika ndowa yodzaza pafupi ndi machubu, kheni yothirira ili pambali. A Mapopa anatuluka atavala za kusukulu, anailambalala ndowa ija, n'kukwera njinga.

"Bambo a Madalo, madzi awo."

"Thirirani, mayi. Ndi mitengo yanu."

Sananene mwaukali. Bola akanakalipa. Dorica anapepesa, anagwada, anaphika nkhuku, anapita yekha kukazula chitsa cha m'bawa kuti chisamawakumbutse. Iwo ankayankha bwinobwino, kudya ankadya, koma kheni sanaigwirenso. Akaweruka ankakhala m'nyumba kuchonga makope, m'chipinda chotentha ngati uvuni, mthunzi uli panja. Dorica akafunsa kuti kodi msangu tiuwokere liti, ankayankha ngati mlangizi wa boma, kuti usachedwe m'chubu chifukwa muzu wake umathamangira pansi, ndipo udzalidwe kumunda osati pafupi ndi nyumba. Kuuyang'ana osauyang'ana.

"Amake Ufulu," anandiuza Dorica tsiku lina kumjigo, "ndinawapulumutsira mitengo yawo. Nanga akufunanso chiyani?"

"Unaipulumutsa powauza kuti si yawo," ndinatero. "Ndipo anamva."

Mvula yoyamba inagwa sukulu zili pafupi kutsekera. Fungo la dothi linadzaza mudzi wonse, nthawi imene kale aphunzitsi ankakhala ngati amisala, khasu paphewa, kuyeza maenje. Chaka chino Dorica anakumba yekha. Dailes ankamuyang'ana ali pakhonde pake, pamchenga pake paja, ndipo awiriwa mpaka lero sapatsana moto.

Tsiku lotsekera sukulu litadutsa, ndinaona a Mapopa akumanga katoni pakhonde. Munali mbande, theka la machubu aja, zoimikidwa bwinobwino, mipata yake atatseka ndi udzu wonyowa. Anati akupita kwawo kutchuthi. Bambo awo anawasiyira malo kumunsi, kufupi ndi nyanja, kotentha ngati kuno, ndipo msangu ndi mlambe zimachita bwino kumeneko.

"Kale tchuthi chino simunkapita," anatero Dorica. "Munkati ndi nthawi yodzala."

"Ndi nthawi yodzala kumene."

Tinawaperekeza mpaka pamsewu, ine ndi Dorica ndi Madalo. Minibasi itaima, kondakitala anafuna kuponya katoni ija kumbuyo pamodzi ndi matumba a mpunga, koma iwo anakana. Anakhala pampando n'kuiika pamiyendo, manja onse awiri ataikumbatira, timitu tobiriwira tikusuzumira pamwamba. Ndinaona Dorica akuiyang'ana katoni ija ndi maso omwe aja ankayang'anira njinga ya a Lindiwe. Mwezi wonse anasakasaka mkazi mnzake pakhomo pake osamupeza. Tsopano anali uyo, wakhala pamiyendo pa amuna ake, ndipo wonyamula madzi omukulitsa anali iye mwini.

Dorica anagwira zenera minibasi itayamba kale kuyenda.

"Bambo a Madalo, mubwera liti?"

A Mapopa anayang'ana mbande zija, n'kukonza kaudzu kamene kanasuntha.

"Zikagwira," anatero.